Thobwa la M'chipanda Choyera

Padangotero, ndipo amene muli nane vomerani kuti tili limodzi. Kale nyama zikadali ndi msika wawo wa Loweruka, panali Gologolo amene anakakwatira kwa a Nungu. Anali mkamwini wa pakamwa pokoma koma wa manja ofewa. Akagwira khasu m'mawa, dzuwa lisanatenthe amakhala atapeza kale chifukwa cholisiyira: mwina mpini wagweduka, mwina msana, mwina maliro a mbale wake amene iye yekha ndiye ankamudziwa.

Mkazi wake Ndaziona ankamukonda choncho, ndipo iyenso ankamukonda Ndaziona koposa tulo, chomwe kwa Gologolo sichinali chinthu chaching'ono. Koma chikondi sichidzaza nkhokwe. Mvula yoyamba itagwa, malume ake a Ndaziona anabwera, nakhala pakhonde, nanena mawu ochepa: ikafika nthawi yokolola phindu la mkamwiniyu lisanaoneke pakhomo pano, adzamupatsa mkeka wake ndi khasu lake, azipita kwawo.

Amene ankadyetsa khomo lonselo anali apongozi ake, mayi Nungu, ndi mbiya yawo ya thobwa. Zaka makumi atatu anali akufulula chimera cha mawere, ndipo pamsika panalibe nyama yosadziwa chikho chawo. Gologolo ndi apongozi akewo sankalankhulana, monga mwa mwambo. Akakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo mawu onse ankadzera mwa Ndaziona. Kuti manyazi amenewa athe pankafunika mphatso, koma Gologolo analibe mphatso, ndipo mayi Nungu analibe changu.

Mvula yomweyo ndi imene inabweretsa Dokowe. Adokowe anali ndi nyumba yaikulu ya malonda kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo anali atatsegula kale masitolo m'maiko asanu ndi awiri. Kwathu kuno anatumizako bwana mmodzi, wamtali, wovala zoyera, pamodzi ndi Namzeze wonyamula makalata. Katundu wawo chinali chakumwa chotchedwa Phaludzu. Dokowe anakaonekera kwa a Njiri, mkulu wa msika, ndi kamphatso m'manja, ndipo anapatsidwa malo abwino, moyang'anizana ndi mbiya ya mayi Nungu.

Loweruka loyamba Dokowe anayala katundu wake. Phaludzu anali m'tinsupa tating'ono, tomata ndi phula pakamwa, tokoleka mikanda m'khosi. M'maiko asanu ndi awiri aja tinsupa timeneti tinkatamandidwa kwambiri. Koma kuno nsupa yomata ndi phula, ya mikanda m'khosi, aliyense amadziwa mwini wake: ndi ya sing'anga, ndipo ikakhala panjira sumaidumpha. Nyama zinkati zikafika pafupi n'kuona tinsupa makumi asanu titandandalikidwa poyera masana, zinkakoka ana awo n'kulambalala. Tsiku limenelo ngakhale ogulitsa mbatata anasamukira mbali ina.

Gologolo anaonerera zonsezi ali pamwamba pa mtengo, kumene ankabisalira khasu. Msika utatha anatsika, nawomba m'manja mwaulemu, namufunsa Dokowe ngati kwawoko amadziwa mwambi wakuti safunsa anadya phula. Dokowe anati saudziwa. Gologolo anati palibe kanthu, mwambiwo angaupeze mwaulere, koma zina zonse zimene mlendo ayenera kudziwa n'zolipira. Anagwirizana kuti Gologolo akhale wa malonda wa Dokowe, ndipo Phaludzu akayenda, pokolola adzalandira madengu khumi a mawere. Madengu khumi anali okwanira kutseka pakamwa malume aliyense.

Langizo loyamba linali lakuti tinsupa titayidwe, Phaludzu athiridwe m'zipanda. Lachiwiri linali lakuti wogulitsa azimwako kaye yekha wogula akuona, chifukwa kuno chakumwa sichiperekedwa mwini wake asanachotse ufiti. Dokowe anagwedeza mutu, nati zimenezo sangachite popanda chilolezo cha kulikulu. Namzeze anauluka ndi kalata, ndipo panapita milungu itatu asanabwere. Yankho linali lakuti akuluakulu avomera, malinga zipandazo zipakidwe njereza kuti ziyere, ndipo pa chilichonse pajambulidwe dokowe ataima ndi mwendo umodzi.

Loweruka lotsatira Gologolo analengeza kuti lero aliyense amwa ulere. Dokowe anamwako koyamba, nameza mokondwa, ndipo nyama zinafola. Tsono Phaludzu anaphikidwa ndi adokowe, mokomera adokowe, ndipo anali ndi kafungo ka chule. Mbira anamwa, natsinzina, nati chakoma. Nkhanga anamwa, nayang'ana kumwamba, nati chakoma. A Njiri anameza movutika, misozi ili m'maso, nati chakoma kwambiri, bwana wachita bwino kubwera. Dokowe sanadikire kuti dzuwa lilowe. Analemba kalata yakuti nyama zonse za dziko lino zati chakoma, atumize zipanda zina mazana atatu, ndipo Gologolo pobwera kokatsuka zikho anapeza Namzeze atauluka kale.

"Bwana, mwafulumira," anatero Gologolo. "Kwathu kuno mlendo akakupatsa chinthu sumuuza kuti chaipa. Musamamvere pakamwa. Muziyang'ana dzanja, ngati likubweza chikho kuti muthiremonso."

Dokowe anaganiza pang'ono, nakumbukira kuti tsiku lonselo panalibe dzanja ndi limodzi lomwe limene linabweza chikho.

Zipanda mazana atatu zinafika, ndipo zinkafunika kutha. Gologolo anati chimene chikusowa ndi nyimbo komanso nkhope yodziwika. Anapeka nyimbo, naiphunzitsa kwa Ampheta. Woyambitsa ankafunsa kumene ludzu lathawira, ovomera n'kumayankha kuti lawoloka nyanja litakwera pamsana pa dokowe, kenako onse n'kuwomba m'manja katatu. Analembanso ganyu Mbawala, katswiri wa liwiro, kuti azungulire msika kanayi atanyamula chipanda choyera, ndipo akaima anene kuti miyendo yake imamwa Phaludzu.

Nyimbo inagwira. Inkamveka kuchitsime, kumtondo, ngakhale kumunda anthu a khasu akupalira. Mbawala nayenso anathamanga bwino, nanena mawu ake osaphonya. Koma atamaliza, ludzu litamugwira zenizeni, anawoloka njira nakagwada pa mbiya ya mayi Nungu, namwa zikho ziwiri msika wonse ukuona. Ana ankaimba nyimbo ya Phaludzu milomo ili mbuu ndi thobwa.

Kalata inanso inabwera kuchokera kulikulu, ndipo inali yaifupi. Ngati pofika Loweruka lachiwiri katundu sayenda, sitolo itsekedwe, Dokowe apite dziko lina. Dokowe anamuwerengera Gologolo kalatayo mosakwiya, nawonjeza kuti sitolo ikatsekedwa madengu khumi aja palibe. Pamenepo chimanga chinali chitayamba kale ngaiyaye, ndipo Gologolo anachita mantha. Anaona m'maganizo mwake mkeka wopindapinda uli paphewa pake, Ndaziona ataima pakhomo.

M'mawa mwake anabwera ndi nzeru. Anamuuza Dokowe kuti walipeza vuto: Phaludzu amafika atatopa ndi ulendo wa panyanja, n'chifukwa chake sakoma. Ayenera kupumula tsiku limodzi pamthunzi wabwino asanapite kumsika, ndipo mthunzi wotero uli kuseri kwa nyumba yake. Koma mthunziwo ndi wa eni ake, umafuna dengu la mawere sabata iliyonse. Dokowe anamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso limodzi, monga amachitira adokowe, kenako anavomera osatumiza n'komwe Namzeze.

Tsono Gologolo anamunong'oneza Ndaziona kuti akauze amayi ake kuti kwapezeka wogula wa kutsidya kwa mtsinje, wofuna mbiya yonse Lachisanu lililonse, ndipo amalipiriratu dengu la mawere. Ndaziona sanakonde kunamiza mayi ake, koma sanakondenso kukhala mbeta, choncho anapita. Mayi Nungu anavomera, nati azingopatulako kamtsuko kamodzi ka kumsika kuti anzawo akale asasowe pomwera. Lachisanu masana, apongozi ali kumunda, Gologolo anakhuthulira Phaludzu pachulu, natsuka zipanda bwinobwino, nazidzaza thobwa.

Loweruka Dokowe anatsegula chipanda choyamba kuti achotse ufiti. Anamwako, naima kaye, namuyang'ananso Gologolo ndi diso limodzi lija. Anapereka chikho kwa Mbira, amene anachilandira mwaulemu wokhawokha. Mbira anamwa, natsegula maso, ndipo dzanja lake linabweza chikho lokha. Dzuwa lisanafike pamutu zipanda zonse za tsiku limenelo zinali zitatha, pa mtengo wowirikiza kawiri wa thobwa la tsidya lina la njira.

Apa ndiye pamene ine wofotokozane ndimachita manyazi ndi abale anga. Nyama zomwe zija, zimene zinakulira pa mbiya ya mayi Nungu, zinayamba kuyenda ndi chipanda choyera m'khwapa, chithunzi cha dokowe chikuloza kunja kuti anzawo aone. A Njiri ankafotokozera aliyense kuti zakunja n'zakunja, chakumwa ichi chimatsetsereka pakhosi mwa mtundu wina. Nkhanga ankati ukachizolowera ichi, thobwa la kwathu limakukanda kummero. Ankanena zimenezi ataimirira pafupi ndi kamtsuko ka mayi Nungu, osatsitsa n'komwe mawu.

Mayi Nungu ankakhala tsiku lonse pamphasa pawo, akuingitsa ntchentche, madzulo n'kusenzanso kamtsuko kawo kali kodzaza. Mawere a wogula wa kutsidya uja ankabwera ndithu, ndipo pakhomo sipankagona njala. Koma wogula wosaoneka nkhope sakuuza kuti wadzuka bwanji. Mayi Nungu anachepetsa zolankhula, ndipo Ndaziona anawamva tsiku lina akung'ung'udza nyimbo ya ludzu lowoloka nyanja akutakasa mbiya, osadziwa kuti akuimba.

Loweruka lachinayi Mbira, mnzawo wakale, anawamvera chisoni. Anagula chipanda choyera, nabwera nacho, nawakhazika bwino pamthunzi, nati alaweko okha aone chimene chawalanda anthu. Anawathirira m'chikho, nawapatsa ndi manja awiri.

Mudzafunsa kuti mwini thobwa angalephere bwanji kuzindikira thobwa lake. Zaka makumi atatu zonsezo mayi Nungu ankalawa thobwa lawo lili lotentha, kunsonga ya mthiko, ataimirira, utsi uli m'maso. Kumsika ankathirira ena. Anali asanamwepo chikho chathunthu cha thobwa lozizira atakhala pansi, wina atawapatsira. Anamwa pang'onopang'ono mpaka chikho chinatha.

"Ndakalamba, anzanga," anatero. "Ine apa sindingafikepo."

M'mawa mwake anatulutsa mbiya ija, imene anasiyiridwa ndi mayi awo, naisenza kupita nayo kudzala, mwala uli m'manja. Ndaziona anawachonderera, koma iwo anati wogula wa kutsidya uja nayenso tsiku lina adzalawa Phaludzu, ndipo sakufuna kudikira kuti achite kuwauza. Ndaziona anathamanga kukamudzutsa mwamuna wake.

Gologolo anafika kudzala ali wefuwefu, ndipo anaima patali, poti mkamwini sayandikira apongozi. Anawerengera msanga m'mutu mwake. Akaulula, apongozi adziwa kuti iye ndiye wawachititsa manyazi pamsika milungu inayi, wawanamiza, wanamizitsanso mwana wawo, ndipo mkeka uja adzaupinda lero lomwe osadikira kukolola. Akakhala chete, ukwati mwina upulumuka, chifukwa ofulula thobwa ena alipo, ndipo zipanda zoyera sizifunsa. Mayi Nungu anali atakweza kale mwala.

Anagwada chofulatira, nawomba m'manja katatu. Kulankhula ndi apongozi sakanatha, choncho analankhula ndi mbiya.

"Mbiya iwe," anatero, "uwauze eni ako kuti wogula wa kutsidya kwa mtsinje kulibe. Wogulayo ndine. Uwauze kuti chimene anamwa dzulo m'chipanda choyera chinatuluka mwa iwe Lachisanu. Phaludzu weniweni akumwa ndi chiswe pachulu. Uwauzenso kuti ndinachita zimenezi poopa mkeka, ndipo mkekawo ndikaupinda ndekha, koma iwe usasweke."

Mwala unatsika pang'onopang'ono. Mayi Nungu nawonso anafulatira, minga yawo yonse itaima.

"Mbiya," anatero, "umufunse ameneyo. Chimene a Njiri akuti chimatsetsereka pakhosi mwa mtundu wina, ndi changa?"

"Uwauze kuti n'chawo."

"Chimene Nkhanga akuti sichikanda kummero?"

"N'chawo chomwecho."

Mayi Nungu sanafunsenso china. Anasenza mbiya yawo nabwerera kunyumba, ndipo za mkeka sananenepo kanthu, tsiku limenelo kapena mawa lake. Gologolo akanakonda kulasidwa minga kusiyana ndi kukhala chete kumeneko.

Loweruka mayi Nungu anawoloka njira ya pamsika, naima pamaso pa Dokowe, namuuza kuti akudziwa chimene chili m'zipanda zake. Gologolo anayamba kuyang'ana mtengo wokwera. Koma Dokowe sanadzidzimuke. Anati iye anadziwa tsiku loyamba lomwe, pochotsa ufiti paja, ndipo sanaone chifukwa chosokonezera katundu amene akuyenda. M'maiko anayi mwa asanu ndi awiri aja, anatero, m'chipanda choyera mumakhala chakumwa cha eni dziko. Ananenanso kuti anatumiza kale zipanda ziwiri kulikulu, ndipo akuluakulu akufuna zina zana limodzi, zosapaka njereza, zojambulidwa nungu ali ndi minga yake yonse, kuti akagulitse kwawoko.

Mayi Nungu anafunsa kuti nanga bwanji osajambula nunguyo pa zipanda za pamsika pano, kuti a Njiri aone.

"Pano nungu amamudziwa, mayi," anayankha Dokowe. "Kuno tijambula dokowe, kwathu tijambula nungu. Aliyense amagula cha kutali."

Mayi Nungu anati chabwino, koma mthunzi uja wakwera mtengo, tsopano ukufuna madengu atatu pa sabata, ndipo aziperekedwa m'manja mwa mwini mbiya. Kafululidwe ka chimera chawo anati sakagulitsa, ngakhale Namzeze atauluka kakhumi. Dokowe anawerama, navomera. A Njiri, amene anamva zonse ali pafupi ndi chipanda choyera m'khwapa, anatsokomola, nanena kuti iwo ankakayika kuyambira kale. Koma chipandacho sanachitaye, ndipo sabata yotsatira anagulanso china.

Kukolola kunafika. Dokowe anapereka madengu khumi monga analonjezera, ndipo Gologolo anawaika pabwalo. Malume anabwera, nakhala pakhonde pomwe paja, mkeka ndi khasu zili pambali pawo. Anayang'ana madenguwo, nati phindu laoneka ndithu, koma amvanso kuti phinduli labwera ndi bodza komanso misozi ya mlongo wawo. Mlandu wotero, anatero, sauweruza malume. Aweruze mwini misozi.

Mayi Nungu anatuluka ndi mbiya, naikhazika pakati pa bwalo. Ndaziona anagwira nsanamira ya khonde. Gologolo anagwada chofulatira monga kale, akudikira kumva chimene mbiya iuzidwe. Koma mayi Nungu anayala mphasa pamthunzi, nakhala pansi, natambasula miyendo.

"Tembenukani, akamwini," anatero. "Mbiya yatopa kutumidwa. Zaka makumi atatu ndathirira anthu nditaimirira. Ngati mukufuna kukhala pakhomo pano, Loweruka lililonse chikho choyamba muzindithirira inu, ine nditakhala chonchi. Yambani lero."

Gologolo anatembenuka, ndipo aka kanali koyamba kuwaona apongozi ake kumaso. Anatenga chikho chakale chija, chopanda njereza, chopanda chithunzi, natunga m'mbiya. Anamwako pang'ono kuchotsa ufiti, nawapatsa ndi manja awiri. Mayi Nungu anamwa osafulumira mpaka pansi. Bwalo lonse linkadikira kuti anene kuti chakoma, koma Gologolo sankayang'ana pakamwa pawo. Ankayang'ana dzanja.

Dzanjalo linabweza chikho.

Malume anaimirira, nanyamula mkeka uja, nakaubwezera okha m'nyumba ya Ndaziona. Khasu analisiya pakhomo, poonekera, poti mkamwini angathe kuiwala pamene lili.

Yathera pompa. Mbatata ndaphula kale ndekha, wotsala atsuke zikho.